Mpiringidzo wa M'kati

Zaka khumi ndi zinayi ndili pageti la nyumba yosanja ku Pituba,
makiyi makumi atatu ali lende m'chiuno,
ndipo wakuba sanadutsepo ine ndili maso.
Ndimazindikira mapazi a aliyense wokhala m'mwambamo,
ngakhale a galu wa mayi a pa 702.

Koma Lachiwiri Dokotala Iracilda anandikhazika pansi,
Jucélia ali gone pabedi lachitatu, diripi ikudontha mosafulumira.
Anatembenuza pepala la mankhwala
najambula kumbuyo kwake kanthu kozungulira.

"Ili ndi selo lofiira la mwana wanu, bambo Valdemir.
Mpweya ukachepa, zam'kati zimauma ngati timitengo,
zimakankha khoma mpaka liyambe kuchucha.
Pamenepo pamalowa kashiamu. Pang'ono chabe."

Ndinati, kashiamu si yemwe uja wa mafupa,
wa mumkaka umene ndimagula ndi ndalama ya ovataimu?
Anati yemweyo.
Kunja kwa mpanda ndi mnansi wabwino.
"Koma akalowa amakatsekula khomo lina.
Potaziyamu amatulukira pomwepo, mchere mnzake pambuyo,
ndipo madzi satsala okha, amalondola.
Selo limafota. Zam'kati zimathithikana,
ndipo zikathithikana, ulendo wina zimauma msanga."

Apo ndinakweza dzanja. Ntchito iyi ndimaidziwa.
Akuba enieni sathyola geti.
Amakweza kamwana pa kawindo ka kubafa,
kamwana koonda, ka nkhope yosalakwa,
iko nkutsika, nkuyenda monyang'ama,
nkukachotsa mpiringidzo cham'kati.
Katundu amatulukira pakhomo lalikulu
ngati eni nyumba akusamuka.

Anandilola kusuzumira m'makina awo.
Ena anali obulungira ngati ndalama zachitsulo,
ena opindika ngati zenga,
ndipo pakona panali ouma gwa,
makoko a lalanje oiwalika pasimenti.
"Awo sabwereranso," anatero,
"ngakhale mutawapatsa mpweya wonse wa ku Bahia."

Nanga madzi onse aja?
Botolo m'chikwama cha kusukulu, botolo pamutu pa bedi,
makokonati amene amake amasenza kukwera chitunda cha Liberdade,
imwa, Jucélia, imwanso, usayang'ane kumbali!
Mzinda wonse uno wakhala m'madzi mpaka m'chiuno
ndipo mwana wanga akuuma ndi ludzu
m'tizipinda tosafikako kapu.

"Musaleke," anatero dokotala. "Amathandiza kuti mtsinje uziyenda.
Kungoti khomo lija salitseka.
Ena anayesapo loko, maselo nasunga madzi ndithu,
koma ululu sunasamuke.
Akufunafunabe."

Usiku umenewo ndinalowa ntchito mochedwa.
Ndinayesa geti la magalimoto, ndinayesa la zinyalala,
ndinakwera masitepe onse, chikepe chilipo,
kugwedeza chitseko chilichonse kawiri.
Mvula inayamba cha m'ma thiri,
ikusefukira m'ngalande, ikuthamangira kunyanja,
madzi ochuluka chotere opanda kolowera.
Mnyamata wobweretsa chakudya anagogoda, ali chinyowere,
ndipo ndinamufunsa dzina katatu
ngati kuti ndi iyeyo.

Kutacha ndinakwera basi osavula yunifolomu.
Ndinamupeza atakhala tsonga, maso achikasu pang'ono,
akukangana ndi namwino za mpira.
Ululu unali utatsika kuchoka m'chiuno kupita m'bondo,
akuti kumeneko nkochezeka.

Anandilanda makiyi monga amachitira,
nawayala pa bulangete mmodzimmodzi.
"Kakang'ono kwambiri ndi kati, ababa?"
Ndinamuonetsa ka bokosi la makalata,
kosaposa chikhadabo changa.
Anakagwira, nakayika pamkono pomwe palowa singano,
nakapotokola kawiri, nalira ndi lilime: kwe, kwe.
"Basi, ndatseka. Pitani mukagone."

Sindinapite.
Ndinakoka mpando, ndinauika pakati pa bedi ndi chitseko,
ndinamuthirira madzi m'kapu
mpaka m'milomo mwake.